Ngolo Imagogodedwa Ngati Mbiya

Mayi wogula mbiya safulumira kufunsa mtengo. Amayamba waigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Ikalira ngwee, ndiye kuti inapsa bwino. Ikalira mogonthera, ili ndi mng'alu, ngakhale woumba ataikongoletsa chotani. Za ndalama zimabwera pambuyo. Ngolo ya ng'ombe imafuna kugulidwa chimodzimodzi, koma alimi ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amayamba kunenerera asanagwade n'komwe kuti aone kunsi kwake.

Pa ngolo imene amisiri owotcherera a m'mbali mwa Great East Road amati ndi yatsopano, chatsopano kwenikweni ndi matabwa, zitsulo za bodi ndi penti. Ekiselo, marimu ndi matayala nthawi zambiri n'zochotsa ku galimoto yakufa, ndipo moyo wa ngolo wagona pamenepo. Pemphani kuti aikweze mbali imodzi pachitsa. Zunguzani gudumu: likamalira kokoto, mabering'i atha. Ligwireni ndi manja awiri n'kuligwedeza, lisachite gwedegwede. Onani ming'alu m'mbali mwa tayala. Kandani thabwa kunsi kumene penti sinafike, mudziwe ngati ndi mlombwa kapena paini, pakuti paini sachedwa kuwola akamagona pamvula.

Chilema chilichonse chimene mwapeza ndicho chonenerera chanu. Mawu akuti "tsitsani bambo, ndalama zavuta" mmisiri amawamva tsiku lililonse ndipo samugwedeza. Koma mukati, "Bambo, mabering'i awa ndikasintha ndekha, chotsanipo mtengo wake," amadziwa kuti wabwera munthu wa maso.

Nyengo nayo imalankhula. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala, makampani a thonje akamalipira ndiponso madepoti a FRA, bungwe la boma logula chimanga, akatsegulidwa, aliyense amafuna ngolo, ndipo mtengo umauma. Pofika masiku a mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, mmisiri sakupembedzani. Amene angapirire n'kusunga ndalama zake mpaka Januwale adzapeza mmisiri yemweyo ali ndi makutu.

Komabe musamufinye mpaka kumutsamwitsa. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo owotcherera ambiri ankadalira jenereta. Mafuta akewo anali otuluka m'thumba mwawo. Mmisiri wofinyidwa kwambiri sakana ntchito ayi. Amangoikapo chitsulo chopyapyala n'kuchiphimba ndi penti, ndipo icho chimakathyokera m'dambo ngolo itasenza matumba a makilogalamu 50, mwinanso usiku itanyamula wodwala wopita ku chipatala cha St Francis.

Mukagwirizana, perekani theka ngati chikole, pakhale mboni, ndipo mulembe papepala mtundu wa ekiselo, matabwa ndi tsiku lodzatenga. Zotsalazo mudzamalize ng'ombe zitaikoka ngoloyo ili ndi katundu.