Ng'oma za ku Mkaika ndi Ulendo wa ku Situdiyo

Caka ciliconse, Loweruka lothera la mwezi wa August, mudzi wa Mkaika m'boma la Katete umadzaza ndi oimba. Acewa ocokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo gulu lililonse limadza ndi ng'oma zake: a gule wamkulu, amai a cinamwali, a cimtali ndi a citelele. Mwambo umenewu unayambanso m'caka ca 1984 utakhala zii kwa zaka makumi asanu, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu pa mndandanda wa cuma ca mtundu wonse wa anthu.

Koma nyimbo ya pabwalo imatha pamene fumbi latsika. Kuti ikamveke pa wailesi, masiku akale woimba anayenera kuyenda makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East kukafika ku Lusaka, kapena kupitirira mpaka ku Migodi.

Njira imeneyi anailambula ndi malemu Alick Nkhata, amene anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi, pambuyo pake nagwira nchito pa wailesi ya ku Lusaka. Gulu lao la Lusaka Radio Band, limene linadzachedwa Big Gold Six, linaonetsa kuti nyimbo ya kumudzi ingathe kukwatirana ndi gitala popanda kutaya ulemu wake. Bambo Nkhata anaphedwa m'caka ca 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti nyimbo zosacepera 90 mwa 100 zilizonse pa wailesi zikhale za m'Zambia. Magulu anabuka ngati bowa. Ena anajambulira ku Malachite ku Chingola, ena ku DB Studios ku Lusaka, ndipo mbale zoimbira zinadindidwa ndi kampani ya Teal ku Ndola. Mumzinda womwewo munali Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo, imene inatulutsa mbale za oimba ambiri. Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anafika mpaka ku Nairobi kukajambula. Gitala wake anali waukali ngati ceza ca mavu, koma mau anali m'cilankhulo ca pakhomo, onena za njala, mowa ndi maukwati, ndipo ndico cifukwa cake anthu akum'mawa anamtenga kukhala wao.

Cipinda cojambuliramo sicinali malo amasewera. Kawirikawiri gulu lonse linaimba pamodzi nthawi imodzi, ndipo mmodzi akaphonya, onse anayambiranso. Kwa woimba ng'oma bvuto linali lina. Mbalule, ng'oma imene imalankhula ndi mapazi a wobvina, amaiwamba pamoto kuti cikopa cikungike. Ikazizira mau ake amatsika. Pabwalo moto uli pafupi. M'cipinda cotsekedwa mulibe moto, mulibe wobvina woti ng'oma imtsate, mulibenso amai oomba m'manja. Nyimbo yobvinidwa usiku wonse inayenera kufupikitsidwa kuti ikwane mphindi zitatu kapena zinai za kambale kakang'ono. Ambiri amene anamva ng'oma zao pa wailesi anaona kuti zaonda.

Palinso malire amene makina sangalumphe. Za kudambwe n'za olowa okha. Mnyamata wofuna kuika nyimbo ya gule pa gitala acita bwino kuyamba wafunsa akulu, pakuti si zonse zomveka pabwalo zimene ziri zogulitsa.

Nyengo yabwino ija sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zinasowa, ndipo makaseti okopera mwakuba anadzaza m'misika kotero kuti woimba anamva nyimbo yake m'sitolo iliyonse koma m'thumba mulibe ngwee. Matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989.

Komabe mbeu sinafe. A Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda anatenga kaimbidwe ka kum'mawa nakapatsa dzina lakuti Makewane. Nalo gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Jagari Chanda, linabwerera ku DB Studios ndi kutulutsa nyimbo zatsopano m'caka ca 2023, patapita zaka pafupifupi makumi anai.

Lero mnyamata wa ku Sinda kapena ku Vubwi safunikanso basi ya ku Lusaka. Kompyuta imodzi ndi colankhuliramo m'kacipinda ka kumsika zikwanira, ndipo nyimbo imayenda pa lamya za m'manja usiku umodzi. Codandaulitsa n'cakuti ng'oma zambiri zomveka m'nyimbozi n'zocokera m'makina, pamene osema mbalule ndi mpanje akali moyo m'midzi yozungulira Mkaika, ndipo ndi ocepa amene amapita kukawagogodera.