Lamba wa Shoko Pakhosi pa Galu: Zimene Zachitika ku Wales

Mu December 2010, galu wa mtundu wa border collie anapezeka akungoyendayenda yekha m'mphepete mwa nyanja ku Ogmore-by-Sea, kum'mwera kwa Wales. Pakhosi pake panali lamba wokhala ndi kabokosi ka batire. Mu 2011, mwini wake anakaonekera kukhoti la majisitireti ku Bridgend, komwe anam'lipiritsa mapaundi 2,000. Unali mlandu woyamba chikhazikitsireni lamulo la mu March 2010 loletsa kuveka agalu ndi amphaka malamba a shoko.

Kansi kwa kabokosiko kuli tizitsulo tiwiri timene timagunda khungu. Mwini galu akadina rimoti, kapena galu akayandikira waya wokwiriridwa m'malire a bwalo, magetsi amam'gwira pakhosi. Opanga malambawa amati ululu wake ndi wochepa. Koma galu sadziwa kumene ululuwo wachokera. Ngati pa nthawiyo amayang'ana mwana kapena galu mnzake, akhoza kuyamba kuopa mwanayo, ndipo galu wamantha sachedwa kuluma.

Akatswiri a pa yunivesite ya Lincoln anayesa agalu 63 pa kafukufuku amene boma la Britain linalipirira, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Agalu ophunzitsidwa ndi shoko sanapose anzawo amene ankapatsidwa kachakudya akachita bwino. Chimene chinachuluka mwa agalu a shokowo ndi zizindikiro za nkhawa, monga kuuma thupi ndi kuyasamula pafupipafupi.

Kampani ya Petsafe, yogulitsa malambawa, inakatsutsa lamulo la ku Wales lija kukhoti lalikulu mu 2010, koma inagonja. Komabe kugwira olakwa kwakhala kovuta. Lamulo la ku Wales limaletsa kuveka chiweto lambayo, osati kumugulitsa, choncho munthu amangoitanitsa pa intaneti n'kumulandirira pakhomo. Galu amavekedwa kuseri kwa mpanda kapena kubusa kopanda anthu, ndipo kawirikawiri shoko sisiya bala loti dokotala wa ziweto aone. Bungwe loteteza nyama la RSPCA limadalira kuti wina aone ndi maso n'kukanena. Galu wa ku Ogmore uja anadziwika chifukwa chakuti anathawa pakhomo lamba ali pakhosi. Lamulo losiya malonda ali chitsegukire limateteza agalu ochepa kwambiri.

Ku England boma linalonjeza chiletso mu 2018, n'kuika tsiku la 1 February 2024, koma tsikulo linadutsa aphungu asanavomereze lamulolo.