Chifukwa chake mankhwala a anthu ndi a ziweto amafuna chikalata cha dokotala

M'maiko ambiri a kum'mwera ndi pakati pa Africa, lamulo sililola kugulitsa maantibayotiki, omwe ndi mankhwala opha tizilombo ta bakiteriya, kwa wodwala amene alibe chikalata cha dokotala. Komabe makapisozi akupezeka m'misika ndi m'magolosale, ndipo ena mwa iwo amathera m'madzi akumwa a nkhuku.

Chikalata cha dokotala chimatchula dzina la mankhwala, mlingo wake ndiponso masiku amene ayenera kumwedwa, potengera matenda, msinkhu ndi kulemera kwa wodwalayo. Dokotala wa ziweto amawonjezerapo masiku amene mlimi ayenera kudikira asanaphe chiweto, kapena asanagulitse mkaka ndi mazira ake, kuti mankhwalawo ayambe atha m'thupi.

Malamulo a mbali ziwirizi amayendera limodzi chifukwa mankhwala ambiri, monga penisilini ndi tetracycline, amagwiritsidwa ntchito pa anthu ndi pa ziweto zomwe. Akaperekedwa pa mlingo wochepa kapena pa matenda olakwika, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala ndi kuswana. Tizilombo tosamva mankhwalati tingathe kufika kwa anthu kudzera mu nyama, m'madzi ndi mu ndowe. Chitopa cha nkhuku, mwachitsanzo, chimayamba ndi vayirasi, choncho maantibayotiki sachiza. Chimapewedwa ndi katemera.

Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira pa dziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zambiri zinachitika mu Africa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Nkhani ya colistin ikuonetsa bwino mmene khola ndi chipatala zimakhudzirana. Madokotala amasunga mankhwalawa kuti athandize odwala amene mankhwala ena onse awalephera, koma alimi a m'maiko angapo ankawasakaniza m'chakudya cha nkhumba ndi nkhuku kuti zikule msanga. Mu 2015 akatswiri ku China anapeza mabakiteriya osamva colistin mu nkhumba ndi mwa odwala, ndipo mu 2017 dzikolo linaletsa kuwagwiritsa ntchito ponenepetsa ziweto.

Maiko a mu European Union anali ataletsa kale maantibayotiki onse onenepetsera ziweto mu 2006. M'chigawo chino dziko la Namibia, lomwe limagulitsa nyama ya ng'ombe ku Ulaya, ndilo linatsogola: linaletsa mchitidwewu pa ulimi wa ng'ombe mu 1991.

Dziko lililonse lili ndi bungwe lolembetsa mankhwala ndi kuyendera malo ogulitsira. Ku Malawi kuli PMRA, ku Zambia ZAMRA, ku Zimbabwe MCAZ, pomwe ku South Africa kuli SAHPRA. Koma malamulowo ali ndi mipata. Ku South Africa, lamulo la 1947 loona za feteleza, chakudya ndi mankhwala a ziweto limalola mlimi kugula maantibayotiki ena, monga oxytetracycline, popanda kuonana ndi dokotala.

Poti mankhwala amadutsa malire mosavuta, maiko a Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anayamba mu 2013 kuunikira limodzi mankhwala a anthu asanawalembetse, pansi pa mgwirizano wa ZAZIBONA. Maiko ena a m'bungwe la SADC analowamo pambuyo pake.

Mu Seputembala 2024 maiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zochepetsa imfa zokhudzana ndi vutoli ndi magawo 10 pa 100 alionse pofika chaka cha 2030, komanso zochepetsa maantibayotiki pa ulimi.

Kukwaniritsa lonjezoli kudzatengera kwambiri madera akumidzi, kumene chipatala chili kutali ndipo madokotala a ziweto ndi ochepa. Kumeneko mayi wa mwana wotentha thupi, kapena mlimi amene mbuzi yake ikudwala, amathamangira kwa wogulitsa amene ali pafupi. Kulanda makapisozi pamsika kokha sikungathetse vutoli ngati wolemba chikalatacho sakupezeka kufupi ndi mudzi.