Ndere za mu mtsinje zimaulula zomwe tikutayira m'madzi

MILANGE – Mvula ikatha, mitsinje ya Muloza ndi Ruo imaphwa, miyala n'kuonekera. Amayi ochapa ndi alimi a m'madimba amadziwa kuti miyalayi imaterera. Chomwe chimateretsa ndi ndere, ndipo akatswiri amaziunika pofuna kudziwa ngati madzi akuwonongeka.

Ndere zambiri ndi tating'ono kwambiri moti kamodzi sikaoneka ndi maso. Mtundu wina, womwe pa Chipwitikizi amautchula kuti diatomáceas, uli ndi tizikamba tolimba ngati galasi. Mitundu ina ya ndere zotere imakhala m'madzi oyera okha, pomwe ina imachuluka pamene pali zonyansa. Katswiri amapala mwala ndi kaburashi, n'kukawerenga mitunduyo pa makina okulitsa zinthu. Madzi otunga m'botolo amangosonyeza za tsiku lomwelo, koma ndere za pamwala zimasonyeza zomwe zakhala zikudutsa kwa masabata angapo. Mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito njirayi potsatira lamulo lawo la madzi la chaka cha 2000.

Mlimi alibe makinawo, komabe maso ake angamuthandize. Ndere zopyapyala zofiirira pamwala si vuto, ndiponso ndi chakudya cha tinsomba. Zikayamba kukula zazitali zobiriwira ngati tsitsi mpaka kuphimba mtsinje, ndiye kuti m'madzimo mwachuluka chakudya chake. Chimachokera ku feteleza wokokoloka m'madimba, ndowe za ziweto, zimbudzi zoyandikira mtsinje ndi sopo wochapira. Nderezi zikafa n'kumawola zimamaliza mpweya m'madzi, nsomba n'kumafa.

Choopsa kwambiri ndi madzi odikha, monga a pa dziwe kapena damu la nsomba, akaoneka ngati athiridwa penti wobiriwira komanso akununkha. Zimenezi zikhoza kukhala ndere za mtundu wa cianobactérias, zomwe zina zimatulutsa poizoni wowononga chiwindi. M'chaka cha 2020, njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la dzikolo linati poizoni wa ndere za mtunduwu ndiye anazipha. Kuwiritsa madzi otere sikuchotsa poizoniyu. Musamwe, musaphikire, musasambitsemo ana, ndipo musamwetsemo mbuzi kapena ng'ombe.

Kumbukiraninso kuti madzi opanda ndere si kuti ndi abwino kumwa. Tizilombo ta kolera sitioneka, choncho madzi akumwa muziwathira Certeza kapena kuwawiritsa.

Pofuna kuteteza mtsinje, siyani udzu, bango ndi mitengo m'mphepete mwake, kwirirani feteleza pa phando m'malo momuwaza, ndipo kumbani zimbudzi ndi kumanga makola kutali ndi madzi. Mukaona madzi asintha mtundu kapena nsomba zikufa, dziwitsani amfumu ndi alangizi a zaulimi a ku SDAE msanga. Muloza timamwa tonse, a ku Milange ndi abale athu a ku Mulanje, ndipo zomwe wina wataya kumtunda zimakamupeza mnzake kumunsi.