Galasi la Makina a Maseŵera Likada Bii

Ena mwa inu munawaonapo makina a maseŵera oponyamo ndalama. Ndi bokosi lamatabwa, lalitali ngati munthu. Kutsogolo kuli galasi longa la wailesi yakanema, kamtengo kogwedeza ndi mabatani. Amene munagwirako ntchito ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira. Makinaŵa ankapezeka m'timashopu ta m'makona, ana ataunjikana pamenepo ndi masenti awo 20.

Makinaŵa anachokera kutali. Kampani ya Atari ya ku America inatulutsa seŵero la Pong mu 1972. Ku Japan, kampani ya Taito inatulutsa Space Invaders mu 1978, ndipo ya Namco inatulutsa Pac-Man mu 1980. Pac-Man ndi kamutu kachikasu kaja kongodya timadontho. Tsono ŵerengani nokha. Makina a nthaŵi imeneyo apitirira zaka 40. Ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba siisoŵa podandaula.

Matenda ake odziŵika ndi aŵa: mwayatsa, koma galasi lili bii. Apa anthu amalakwa paŵiri. Wina amati makina afa, nkuwagulitsa pamtengo wa nkhuni. Wina amatsegula kumbuyo nkuyamba kupisa dzanja paliponse. Woyambayo wataya ndalama. Wachiŵiriyo akuseŵera ndi moyo.

Choyamba, chenjezo

Galasi lomwe mumaona kutsogololi ndi nkhope chabe ya chubu chachikulu. Kumbuyo chubucho chimanka chichepa ngati botolo, mpaka kukhala ndi khosi lopyapyala. Kuti chithunzi chioneke, chubu chimafuna magetsi okwana mavoliti 20,000 kapena kuposa. Pa soketi ya m'nyumba kwathu kuno pamatuluka mavoliti 230 okha, ndipo mukudziŵa mmene amenewo amamenyera.

Choipa china nchakuti chubu chimasunga magetsi. Mungathe kuzula pulagi lero, maŵa nkukumenyanibe. Mukasuzumira kumbuyo mudzaona waya wonenepa, kaŵirikaŵiri wofiira, wothera pa kambale ka rabara komata pa chubu. Waya ameneyo ndi kambale kakeko musakhudze. Ndabwerezanso, musakhudze. Kuchotsa magetsi otsalira m'chubu ndi ntchito ya mmisiri wodziŵa mawailesi akanema akale. Khosi lija nalonso musaligunde. M'chubu mulibe mpweya, ndipo chikasweka magalasi amathethekera kutali.

Komabe pali zambiri zimene mungafufuze ndi maso, makutu ndi mphuno, dzanja lisanaloŵe paliponse poopsa.

M'bokosimo muli zigawo zitatu zofunika kuzidziŵa. Pali chogaŵa magetsi, chimene chimalandira magetsi a ku khoma nkuwachepetsa. Pali bolodi la seŵero, lomwe ndi ubongo wa makina. Ndiye pali chubu pamodzi ndi bolodi lakelake. Chimodzi mwa zitatuzi chikadwala, galasi limada. Ntchito yathu ndi kupeza chodwalacho, monga amachitira adokotala pofunsa mafunso asanapereke mankhwala.

Yambirani ku khoma

Musaseke. Makina ambiri “akufa” amakhala kuti sakulandira magetsi nkomwe. Lumikizani wailesi pa soketi yomweyo. Ikulira? Yang'anani chingwe chonse, mwina makoswe adya. Kenaka yatsani makina ndi kuyang'ana pamwamba, pomwe palembedwa dzina la seŵero. Kuseri kwa dzinalo kuli nyale. Ikayaka, ndiye kuti magetsi akuloŵa m'bokosi.

Ngati zonse zili zii, onani chitseko cha kumbuyo. Makina ambiri ali ndi kaswichi koyera kamene chitseko chimakanikiza chikatsekedwa. Chitseko chikakhwepa, kaswichiko kamadula magetsi onse. Anakaika dala kuti kateteze munthu wotsegula. Thabwa lakale limapindika ndi chinyezi, ndiye silikanikizanso bwino. Vuto lotere silifuna ngakhale tambala imodzi.

Kenaka fyuzi. Zulani pulagi kaye. Fyuzi ndi kabotolo kagalasi kokhala ndi kawaya mkati, ndipo zoyamba zimakhala pansi m'bokosi, pafupi ndi poloŵera chingwe. Kawaya kakaduka kapena galasi likada, fyuzi yapsa. Ŵerengani nambala yolembedwa pa chitsulo chake, monga 2A kapena 3A, ndipo mugule ya nambala yomweyo. Yatsopano ikapsanso pompo, lekani. Fyuziyo ikukuuzani kuti mkatimo china chaonongeka. Pali chizoloŵezi chathu china choipa, chomanga waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Chimenecho chimaotcha makina, pena ndi nyumba yomwe.

Ngati makinawo angofika kumene kuchokera kunja, ŵerengani chikwangwani cha kumbuyo musanayatse. Ku America magetsi a m'nyumba ndi mavoliti 120, ku Japan 100. Makina okonzedwera kumeneko akalandira 230 athu popanda thiransifoma yochepetsa, amapsa nthaŵi yomweyo.

Tcherani khutu

Tinene kuti nyale ya pamwamba yayaka koma galasi lili bii. Ponyani ndalama, dinani batani loyambira, gwedezani kamtengo. Kuponya ndalamako nkofunika, chifukwa maseŵera ena amakhala chete mpaka munthu atayamba kuseŵera.

Mukamva nyimbo ndi phokoso la seŵero, kondwerani pang'ono. Ubongo uli moyo. Makina akuseŵera, koma ngati munthu wosaona. Vuto lili ku chubu, ku bolodi lake, kapena ku mawaya opita kumeneko.

Mukapanda kumva kanthu, musathamangire kunena chubu. Nyale ya pamwamba ija imanamiza, pakuti imatenga magetsi ake payokha. Ingathe kuyaka bolodi la seŵero lili ndi njala. Bolodi limeneli limadya mavoliti 5, osati 4, osatinso 6. Akachepa pang'ono chabe, ubongo sudzuka, ndipo chubu chimasoŵa choti chionetse. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi ndipo amaidziŵa, ayeze pa bolodi penipenipo.

Pamphepete pa bolodi pali mano achitsulo ambirimbiri, oloŵa m'cholumikizira chachitali. Mu 1985 opanga makina a ku Japan anagwirizana kuti cholumikizirachi chizikhala cha mtundu umodzi, cha mano 56, chotchedwa JAMMA. Makina akale kuposa apo ali ndi zawozawo. Cha Pac-Man chimadziŵika ndi kupserera mano odutsa magetsi. Pulagi ili yozula, nunkhizani. Fungo la chopserera silibisika. Mano akangochita litsiro, rabara yofufutira pensulo imawayeretsa bwino. Koma musanasolole cholumikizira, lembani chizindikiro kuti mudziŵe mbali yake. Kuchibwezera chotembenuza kungaphe bolodi lomwe linali labwinobwino.

Tsono yang'anani mumdima

Izi ndi za makina aja oseŵera osaona. Dikirani madzulo kapena tsekani mazenera. Yatsani makina, muime kutsogolo, mumvetsere. Chubu chamoyo chimathetheka pang'ono poyaka, kuti tche-tche-tche, ngati juzi yanayiloni poivula. Chimaliranso kamluzu kakang'ono kwambiri. Ife akuluakulu ambiri sitikamvanso kamluzuka, makutu anatopa. Ana amakamva. Itanani mwana aime kutsogolo, osati kumbuyo, akuuzeni.

Kenaka pitani kumbuyo, chitseko chili chotseka, musuzumire pa mipata yoloŵera mpweya. Manja akhale kumsana. Yang'anani khosi la chubu. Patapita kanthaŵi muyenera kuona kakuŵala kofiirira mkati mwa khosi, ngati khala lamoto pansi pa phulusa. Kameneko ndi kawaya kotenthetsa chubu.

Ngati palibe kuthetheka, palibenso khala lija, ndiye kuti mbali ya chubu yafa yonse. Pena ndi pulagi yake yamagetsi yomwe yasololoka ponyamula makina pa msewu wa mabampu. Pena ndi fyuzi ya pa bolodi la chubu. Koma kaŵirikaŵiri olakwa ndi aŵiri. Woyamba ndi thiransifoma yopanga mavoliti ambiri aja, yomwe amisiri amaitcha flyback. Ndi pomwe pamachokera waya wofiira uja. Ikakalamba imang'aluka. Wachiŵiri ndi transistor yaikulu yoyendetsa flyback. Ziŵirizi zimakonda kufera limodzi, china chikafa chimakoka chinzake. Nchifukwa chake mmisiri wosintha transistor yokha osayeza flyback, mudzamuonanso sabata yamaŵa.

Ngati kuthetheka kulipo, khala likuoneka, koma galasi lili bii, nkhani ndi yabwinoko. Chubu chili moyo, chikungosoŵa chithunzi kapena kuŵala. Kuchokera ku bolodi la seŵero kumabwera timawaya tonyamula mtundu wofiira, wobiriŵira ndi wabuluu, ndi tina toimika chithunzi kuti chisayendeyende. Pulagi ya timawayati ikasololoka, palibe chooneka. Mmisiri ali ndi njira yachidule yodziŵira. Pa flyback, kapena pafupi pake, pali kopotokola kolembedwa SCREEN. Akakapotokola pang'ono galasi nkuyera mbuu, ndi timizere topendekera, ndiye kuti chubu chilibe mlandu. Akatero amakabwezera pomwe kanali. Kopotokolako kali pakati pa magetsi oopsa, choncho inu ingoonererani.

Pali chizindikiro china chofunika changu. Mukaona mzere umodzi woŵala kwambiri wodutsa pakati pa galasi, kwina konse kuli mdima, zimitsani msanga. Chithunzi chonse chaunjikana pa mzere umodziwo. Mukausiya, umaotcha utoto wa mkati mwa galasi, ndipo chipsera chake sichichoka.

Popita kwa mmisiri

Tengani pepala ndi pensulo. Lembani zimene mwapeza: nyale ya pamwamba ikuyaka kapena ayi, seŵero likumveka kapena ayi, khala likuoneka kapena ayi. Lembaninso dzina ndi nambala za pa chikwangwani cha chubu ngati zikuŵerengeka muli patali. Maina odziŵika ndi Wells-Gardner ya ku America, Electrohome ya ku Canada, Hantarex ya ku Italy ndi Sanyo ya ku Japan. Munthu wofika ndi pepala lotere savuta kumuthandiza, ndiponso savuta kudziŵa ngati akumunamiza. Seŵero likumveka bwinobwino, wina nkumati mugule bolodi latsopano la seŵero? Mfunseni chifukwa chake.

Funani mmisiri amene anakonzapo mawailesi akanema a chimsana, osati wa mafoni. Mpempheni aone makapasita. Ndi tizitini ting'onoting'ono toima pa bolodi, tokhala ndi mankhwala amadzimadzi mkati. Pakapita zaka timauma. Ntotsika mtengo, ndipo okonza makinaŵa amakonda kutisintha tonse kamodzi. Aonenso pansi pa bolodi, moocherera ndi mtovu. Kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri kumang'alula mtovuwo. Makina amene amayaka mukawamenya mbama m'mbali, kaŵirikaŵiri matenda ake ndi ameneŵa. Mbamayo si mankhwala ayi.

Pansi m'bokosi muli thiransifoma ina yolemera, imene imapatula magetsi a chubu ku magetsi a ku khoma. Machubu ambiri akale sayenera kuyaka popanda imeneyi. Wina akati ailambalale kuti ntchito ichepe, mukanizeni. Kutero kungaotche bolodi, kapena kuika magetsi pa zitsulo zimene ana amagwira.

Ena amachotsa chubu nkuikapo galasi lamakono lafulati. Zimatheka, koma pamafunika kabolodi kena kosinthira chithunzi, chifukwa makina akale ndi magalasi atsopano salankhula chinenero chimodzi. Ine ndimati yambani mwayesa kukonza chakalecho. Mafakitale analeka kupanga machubu otere, ndipo nthaŵi zambiri chofa si chubu koma tizipangizo ta pa bolodi lake. Ngati mwasankhabe kusintha, musachitaye kudzala komwe ana amaseŵera. Mmisiri achotse magetsi otsalira, muchigoneke chafufumimba pa bulangete lakale, khosi lili m'mwamba, pamalo pouma.