Ulendo wa ku Joni uziyambira kuchipatala

Ana anga, masiku ano mabanja ambiri akukwera basi kupita ku Joni, ena kukaoda katundu, ena kulondola amuna awo mwana ali kumsana. Pasipoti ndi tikiti amakonza bwinobwino, koma za thanzi amakumbukira atadutsa kale pa Mwanza. Ine ngati namwino wopuma ndikuti pitani kaye kuchipatala kudakali sabata zinayi.

Inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a BP, a shuga kapena a khunyu, auzeni adokotala kuti mukakhalako nthawi yaitali bwanji, akupatseni okwanira. Musawakhuthulire m'kapepala ati kuopa maso a anthu. Asiyeni m'botolo lake, ndipo akhale m'chikwama cha m'manja limodzi ndi buku la kuchipatala, osati m'katundu wa pansi pa basi. Mukamadumphitsa ma ARV kachilombo kamachulukananso, mwinanso kusiya kumva mankhwalawo. Mwana naye akhale atalandira katemera yense wa msinkhu wake, makamaka wa chikuku, poti m'basi modzaza chimafala msanga.

Njira yodzera ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge imatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo njala ikawawa munthu amangogula chilichonse. Kumbukirani kuti kolera idapha anthu oposa 4,000 ku Zimbabwe mu 2008 ndi 2009, kuno kwathu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023. Imwani madzi a m'botolo lotsekedwa bwino, idyani chakudya chotentha, ndipo sopo asasowe m'chikwama. Tengani Thanzi ORS. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Amayi oyembekezera, basi ikaima tsikani muwongole miyendo, chifukwa kukhalitsa pampando kumatha kuundanitsa magazi m'mitsempha.

Tsono mukafika, chenjerani ndi malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo, choncho anamwino a kumeneko sangawaganizire msanga. Koma malungo amaonekera patatha masiku 7 kapena kuposerapo chikulumireni udzudzu, ndiye mutha kuchoka nawo kuno muli gwa. Mwana akatentha thupi musati ndi chimfine cha kuzizira ayi. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna amuyeze magazi.

Abale amene akhalitsa kumeneko muwauzenso kuti chitetezo cha thupi ku malungo chimatha munthu akakhala zaka osalumidwa, ndipo ana obadwira konko alibiretu. Pobwera kumudzi pa Khirisimasi ayambe afunsa mankhwala oteteza, ndipo azidzagona m'masikito usiku uliwonse.

Safunsa adadya phula, ana anga. Tikumanenso Lamulungu likudzali.