Maboma Athu: Mangochi, Kwawo kwa Nkhwazi ndi Asodzi

Ukagona m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, chimene chimakudzutsa ndi nkhwazi. Imalira ili pansonga ya mlambe, mutu itauponyera kumbuyo, inzake n'kuyankha chapatali. Nthawi imeneyo asodzi a chilimira amene achezera pamadzi ndi nyali zawo amakhala akukocheza, amayi ali chilili ndi mabeseni kudikira usipa. Palibe amene amatukula maso. Anaizolowera ngati tambala wa pakhomo. Komatu mbalame yomweyi ndiyo yakhala pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo alendo amaoloka nyanja zamchere kuti adzaione.

Paulendo wathu woyendera maboma, sabata ino tafika kuno. Mbiri ya tawuniyi ambiri mukuidziwa: inayamba mu 1891 ngati linga la atsamunda lotchedwa Fort Johnston, m'mbali mwa Shire, m'dziko la Mfumu Mponda, ndipo nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ikadali chiimire pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ambiri mwa iwo Ayao. Chambo, mchenga wa pagombe ndi mahotela zatamandidwa kale mokwanira. Ine ndabwerera mbalame.

Chimene chimachulukitsa mbalame kuno ndi mmene dziko linagonera. Kumwera kwake nyanja ya Malawi imagawika pawiri, chifukwa dera la Nankumba linalowa m'madzi ngati chala. Kuchokera kunthambi ya kum'mawa mumatuluka Shire, n'kudutsa pakati pa tawuni, n'kukalowa m'nyanja yosaya ya Malombe, kenako n'kutsikira ku Liwonde. Kum'mawa kuli mapiri a Namizimu ndi phiri la Mangochi. Choncho pamtunda woyenda tsiku limodzi umapeza zilumba za miyala, bango, madambo, migwalangwa, nkhalango za miombo ndi nkhalango yowirira ya pamwamba pa phiri, ndipo malo aliwonse ali ndi mbalame zakezake. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett lofotokoza mbalame za m'Malawi, lomwe linatuluka mu 2006, lili ndi mitundu pafupifupi 650. Paki ya Liwonde yokha, yomwe imayambira kumapeto kwa Malombe, ili ndi mitundu yoposa 400.

Malo oyamba kupitako ndi chilumba cha Boadzulu, chimene chimaonekera kuchokera kumagombe a Nkopola ndi Makokola. Ukachiyang'ana uli kumtunda ungaganize kuti wina anachipaka laimu. Ndi zitosi za mphipi, mbalame zakuda za chifuwa choyera zimene zimaswana pamenepo mwaunyinji. Bwato likamayandikira, fungo limayamba kukulandira, kenako phokoso. Zina zili m'zisa, zina zatambasula mapiko padzuwa kuyanika nthenga, zina zikumira n'kukatulukira patsogolo nsomba ili kukamwa. Madzulo zimabwerera m'mizere italiitali yoyandikana ndi madzi. Chilumbachi ndi gawo la paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chinapatsa pakiyi ulemu umenewu ndi nsomba za mbuna, koma lamulo loteteza mbuna ndi lomwenso lasunga zisa za pa Boadzulu, ndi mitengo ya pa Thumbi, Domwe ndi Mumbo imene nkhwazi zimamangamo.

Msodzi ndi mphipi amadyera mbale imodzi, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amaziona ngati zowalanda ndiwo. Koma amene akufuna kudziwa chimene chimathetsa nsomba apite ku Malombe. Kumeneko chambo chinali chambiri, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatsala pang'ono kutheratu. Maukonde a maso aang'ono ankakokolola ana a nsomba, n'kumazula udzu wa pansi pa madzi m'mene nsombazo zimabisala. Vutoli ndilo linachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kugwira ntchito ndi makomiti a m'madooko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire. Mbalame zinalipo kuyambira kale nsomba zili mbwee. Chimene chinasintha ndi ukonde. Lero ukaona maneti a udzudzu akukokedwa m'mbali mwa gombe, dziwa kuti mwana wa msodzi ndi mwana wa nkhwazi onse awiri akulandidwa chakudya cha chaka chamawa.

Palinso nkhani ya mitengo ndi bango. Nkhwazi imafuna mtengo wautali woti imangemo chisa chimene imabwererako chaka ndi chaka. Kuwamba nsomba kumafuna nkhuni, tawuni imafuna makala, ndipo magalimoto ndi njinga zotsika ku Namizimu zimaonetsa kumene nkhunizo zikuchokera. Womanga nyumba yogona alendo naye amayamba wadula bango kuti mchenga uoneke, osaganiza kuti m'bangomo ndimo mumaswana nsomba, akakowa ndi mpheta. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno, tinaona ndi maso kuti ambiri tinamanga m'malo a madzi ndi bango.

Bungwe limene lakhala likulankhulira mbalame m'dziko muno ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti WESM. Linayamba mu 1947 ndi dzina loti Nyasaland Fauna Preservation Society, ndipo ndi lomwe limaimira BirdLife International kuno kwathu. Lili ndi nthambi m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo ku Monkey Bay. Ntchito ya BirdLife ndi anzake inatchula malo 22 m'Malawi kuti ndi ofunika kwambiri kwa mbalame, ndipo awiri mwa malowo ali m'boma lino: nkhalango ya Namizimu ndi ya phiri la Mangochi. Nkhalango ya Mangochi inapatsidwa mu 2018 kwa bungwe la African Parks, lomwe likuyendetsa paki ya Liwonde kuyambira mu 2015. Namizimu ilibe mtetezi wotero, ndipo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri.

Kwa ine, ntchito yaikulu ya WESM ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti mnyamata amayamba kudziwa mbalame ali ndi legeni pakhosi ndi ulimbo m'manja. Inenso ndinapha njiwa ndi mpheta zambiri, ndipo sindinganyoze mwana amene akufuna ndiwo ya nyama pakhomo posowa. Koma mwana wa legeni ndiye amadziwa kumene nkhwali imaikira, nthawi imene anamzeze amafika, ndi kulira kwa mbalame iliyonse ya m'dambo. Wina akamuuza kuti ena mwa anamzeze amene akuwaona pawaya mvula ikamayamba achokera ku Ulaya, ndipo adzabwerera komweko chakumapeto kwa dzinja, maso ake amatseguka mwanjira ina. Bungweli linachita bwino kutcha magazini yake ya ana kuti Nantchengwa. Mbalame imeneyi mwana aliyense wa kunyanja amaidziwa, ndi chisa chake chachikulu ngati nkhokwe, chimene makolo ankatiletsa kuphwasula. Kusunga mbalame sitinakuyambe ndi mabuku ochokera kunja.

Ku nyanja ya Chilwa, nthambi ya WESM ya ku Zomba inagwira ntchito ndi alenje a mbalame eniake, kuwathandiza kukhala m'magulu ogwirizana nthawi yosaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Njira imeneyi ingakwanirenso m'madambo a Malombe, kumene makomiti a m'madooko alipo kale ndipo mafumu ali ndi mawu.

Chimene chikusowa kwambiri ndi Amalawi oyang'ana mbalame chifukwa chongozikonda. Ambiri timaganiza kuti ndi masewera a azungu ovala zipewa, ndipo n'zoona kuti magalasi oonera patali ndi odula. Koma kuwerenga mbalame ndi ntchito imene imafuna anthu okhala pamalopo. Mlendo amabwera sabata imodzi n'kupita. Msodzi wa ku Makanjira, mphunzitsi wa ku Malindi kapena woyendetsa bwato wa ku Chembe amaona gombe lomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene angadziwe msanga kuti zisa zachepa kapena kuti mtundu wina wasiya kubwera. Kope, pensulo ndi foni zimakwanira poyambira. Mayina a mbalame a m'Chichewa ndi m'Chiyao nawonso akufunika kulembedwa akuluakulu amene amawadziwa akadali moyo, pakuti ana ambiri lero mbalame iliyonse yaing'ono amangoti kambalame.

Ku Chembe, komwe amishoni a Livingstonia anayambira mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, anyamata a maboti anapeza kale ntchito kuchokera kwa nkhwazi. Amagula nsomba zochepa pagombe, n'kutenga alendo kupita nawo chakuchilumba cha Thumbi. Injini ikazima, mmodzi amaimirira, n'kuimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi. Kwa kanthawi kumakhala zii. Kenako kuchokera mumtengo wa pamwamba pa miyala mumatuluka mutu woyera, mapiko n'kutambasuka, zikhadabo n'kutsogola, madzi n'kuti phwaa. Nkhwazi imabwerera kumtengo kwake ndi nsomba, mnyamata uja n'kulizanso injini, atapeza ya ufa ya tsiku limenelo.